Phunziro 9: Mpoto Ukaomba ku Galveston

Werengani nkhaniyi mokweza, mosinthana ndime. Mukapeza mawu okuvutani musaime, ingowadulirani mzere kunsi, tikambirana tikamaliza. Amene makolo anu amakonda kuwedza, lero ndi tsiku lanu.

Nyengo yopanda dzina

Tiyambe ndi kavuto. Nyengo tilimoyi, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, kusukulu kwanu amaitcha fall. Nanga m'Chichewa tiziti chiyani? Agogo anu ku Malawi kapena ku Chipata amadziwa dzinja, nyengo ya mvula. Amadziwa masika, nthawi yokolola. Amadziwa chisanu cha mu Juni ndi Julaye, komanso chilimwe, pamene dzuwa limaswa mtengo. Fall mulibemo. Ena amangoti masika, poti kunonso ino ndi nthawi yokolola maungu, ndipo sakulakwa. Koma mukauza agogo pafoni kuti "kuno ndi masika," iwo aganiza za Epulo ndi Meyi, chonsecho kwawoko mu Okutobala kukutentha koopsa, anthu akudikira mvula yoyamba. M'phunziro lino tizingotchula mwezi wake basi.

Kwa asodzi a m'mbali mwa nyanja yamchere ku Texas, miyezi imeneyi ndiyo yokoma kuposa yonse. Kutentha kwachepa, udzudzu wayamba kutha, ndipo nsomba zikudya ngati zauzidwa kuti mawa kulibe chakudya. Pamene mukuwerenga, mukhale ndi mafunso awiri m'mutu. N'chifukwa chiyani nsomba zimagwidwa kwambiri nyengo ino? Nanga n'chifukwa chiyani boma limaletsa kutenga nsomba ina pa nthawi yomweyo imene ikupezeka mosavuta?

Thumba la madzi

Mawu oti bay mumawamva kale m'maina a malo akwathu: Monkey Bay, Nkhata Bay. Ndi pamene nyanja yalowa kumtunda ngati thumba, madzi ake n'kubisala ku mafunde aakulu. Galveston Bay ili kummwera chakummawa kwa Houston. Ndi yotambalala zedi, pafupifupi masikweya mailosi 600, koma ndi yosaya modabwitsa. Malo ambiri madzi ake amangozama mamita 2 okha. Yerekezani ndi Nyanja ya Malawi, imene pena imazama mamita 700. Tinganene kuti Nyanja ya Malawi ndi mtsuko, Galveston Bay ndi mbale.

M'mbale imeneyi mumathira madzi amitundu iwiri. Mitsinje ya Trinity ndi San Jacinto imabweretsa madzi opanda mchere kuchokera kumtunda. Nyanja yaikulu ya Gulf of Mexico imalowetsa madzi amchere. Pakati pa bay ndi nyanja yaikuluyo pali mtunda wamchenga wautali, woima ngati mpanda: chilumba cha Galveston ndi Bolivar Peninsula. Mpandawu uli ndi mipata ikuluikulu iwiri. Wina ndi Bolivar Roads, paja pamadutsa sitima zazikulu zopita ku Houston, pomwenso imaoloka feri yonyamula magalimoto. Wina ndi San Luis Pass, kumapeto kwa chilumba chakumadzulo. Sungani mawu amenewa: *mpata*. Chilichonse cha m'phunziro lino chidutsa pampata.

M'mphepete mwa bay muli madambo a udzu wokonda mchere, odzaza ndi timifuleni tokhotakhota. Funsani amayi anu za *chikuta*, nyumba imene mayi ndi khanda lake ankakhalamo masiku oyamba asanatulukire kugulu. Dambo ndiye chikuta cha nyanja. Tiana ta nsomba, ta nkhanu ndi ta shrimp timalowa pampata tili tating'ono ngati njere za mpunga, n'kukabisala m'udzumo. Mmenemo chakudya n'chambiri, ndipo nsomba zazikulu sizilowamo mosavuta. Timakulira momwemo miyezi yonse yotentha.

Mwezi ndi mphepo

Kunyanja kwathu madzi amakwera mvula ikagwa, n'kutsika m'chilimwe. Kamodzi pachaka, basi. Nyanja yamchere siitero. Madzi ake amakwera ndi kutsika tsiku lililonse chifukwa mwezi umawakoka. Akamakwera timati madzi *akudzaza*, akamatsika timati *akuphwa*. Msodzi aliyense wa ku Galveston adzakuuzani chinthu chimodzi: nsomba zimadya madzi akamayenda. Madzi akangoima phee, mbedza nayonso imangokhala phee.

Koma ku Galveston mphamvu ya mwezi ndi yochepa. Nthawi zambiri madzi amasintha ndi theka la mita, mwinanso osafika. Bwana weniweni ndi mphepo.

Asodzi a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota amaopa *mwera*, mphepo yozizira yochokera kummwera imene imautsa mafunde m'nyengo yachisanu. Amadziwanso *mpoto*, mphepo yochokera kumpoto. Kuno zinthu zinatembenuka. Mphepo yakummwera ndiyo yofunda, yachinyezi, yochokera kunyanja. Yozizira imachokera kumpoto, kutsika kuchokera ku Canada, kudutsa m'zigwa zonse mpaka kudzagwera m'nyanja. Anthu a ku Texas amaitcha norther, ndipo mawuwa m'Chichewa ndi mpoto ndendende. Ndani angatiuze chifukwa chake kuzizira kumachokera kummwera ku Malawi koma kumpoto ku Texas? Yang'anani pamapu, mupeze mzere wa ikweta.

Mpoto ukaomba mwamphamvu umachita zinthu ziwiri. Choyamba, umakankha madzi a m'bay kuwatulutsira pampata. Tsiku limodzi lokha madzi amatha kutsika kuposa mmene mwezi ungawatsitsire, madambo n'kuphwa, matope n'kuonekera pomwe dzulo pamadutsa maboti. Chachiwiri, umaziziritsa madziwo. Phala la m'mbale limazizira msanga kuposa la mumphika, si choncho? Bay imazizira msanga kuposa nyanja yaikulu. Ndiye zamoyo zambiri zimene zakhala zikukulira m'dambo zimadziwa kuti nthawi yotuluka m'chikuta yakwana.

Oyamba kusamuka ndi shrimp, tizilombo tachigoba tandevu zazitali tija mumadya ku lesitilanti, abale ake a nkhanu. Mpoto uliwonse umatulutsa gulu lina m'timifuleni. Nsomba zotchedwa mullet nazo zimasonkhana m'magulu akuluakulu kulowera kumpata. Tsono ganizani: chakudya chonse chimene chinali chobisika m'udzu kwa miyezi ingapo chili pamtetete, ndipo chonse chikulowera njira imodzi. Nsomba zodya zinzake sizivutikanso kusaka. Zimangodikira pakamwa pa kamfuleni, monga galu amadikira pakhomo la khitchini. Msodzi wanzeru naye amakaima pomwepo. Yankho la funso loyamba lija ndi limeneli.

Tsatirani mbalame

Mu Okutobala ndi Novembala mukakhala pa boti, musamangoyang'ana m'madzi. Kwezani maso. Mukaona mbalame zoyera za kunyanja zili piringupiringu pamalo amodzi, zikulira, zikugwera m'madzi chubwi chubwi, dziwani kuti pansipo pali nkhondo. Nsomba zotchedwa speckled trout zapeza gulu la shrimp ndipo zikulithamangitsa kuchokera pansi. Shrimp zikudumphira pamwamba kuthawa, mbalame n'kumazitola. Pansi mdani, pamwamba mdani.

Apa m'pomwe osadziwa amalakwitsa. Amathamangitsa boti mpaka pakati pa mbalamezo, injini ili pokopoko, nsomba zonse balala. Wodziwa amazimitsa injini akadali patali, mbali imene mphepo ikuchokera, n'kulola mphepoyo imukankhe pang'onopang'ono kufikira pamene angathe kuponya mbedza.

Njira yosavuta kwa inu ana ndi ya popping cork. Ndi kachinthu koyandama kamene amamangirira pachingwe, mbedza n'kumalendewera kunsi kwake ndi nyambo ya shrimp yamoyo. Ukakoka ndodo mwadzidzidzi, kachinthuko kamalira pamadzi ngati nsomba imene ikudya, ndipo trout imabwera kudzaona. Kakangomira, koka. Koma osakoka ngati ukuzula chinangwa ayi. Kamwa la trout ndi lofewa, limang'ambika, nsomba n'kupita.

Trout imeneyi ndi yamawangamawanga kumsana, ndipo ili ndi mano awiri akuthwa kutsogolo. Imaopa chisanu. Mwina ena a inu mukukumbukira Febuluwale wa 2021, pamene chisanu choopsa chinagwa ku Texas, magetsi n'kuzima masiku angapo. Chisanu chomwecho chinapha nsomba zosachepera 3.8 miliyoni m'mbali mwa nyanja ya Texas, ndipo trout zinali m'gulu la zimene zinafa. Kuyambira 2024 munthu amaloledwa kutenga trout 3 zokha patsiku.

Nsomba yoimba ng'oma

Redfish ndi yofiirira ngati mkuwa, ndipo ili ndi banga lakuda pafupi ndi mchira. Dzina lake lina ndi red drum, chifukwa yaimuna imaimba ng'oma. Zoonadi! M'mimba mwake muli kathumba ka mpweya, ndipo ikagwedeza minofu yozungulira kathumbako pamamveka gu gu gu. Imatero nthawi yoswana, kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti mpaka cha m'Novembala, pamene zikuluzikulu zimasonkhana pafupi ndi mipata. Zimenezi amazitcha bull red. Zina zimatalika kuposa mita, ndipo redfish imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 30.

Zazing'ono zimakhala m'bay zaka zitatu kapena zinayi. Mukadzayenda m'mbali mwa dambo m'mamawa kuli bata, mudzaona mchira wofiirira utatuluka m'madzi, ukugwedezeka. Ndi redfish imeneyo, yazondoka, ikufukula nkhanu m'matope. Ikakhwima imatuluka pampata n'kukakhala kunyanja yaikulu. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Inuyo mwambi umenewu simufunika kuumasuliridwa.

Nsomba imeneyi inatsala pang'ono kutha. M'zaka za m'ma 1970 inali itayamba kale kuchepa chifukwa cha maukonde a amalonda, ndipo mu 1981 boma la Texas linaletsa kupha redfish ndi trout za m'madzi ake n'cholinga chogulitsa. Nthawi yomweyo ku New Orleans wophika wina wotchuka, Paul Prudhomme, anayamba kuphika redfish moipaka zokometsera n'kuiwauza pachiwaya chamoto mpaka kuda bii. Anthu anaikonda mopenga, malesitilanti a dziko lonse n'kuyamba kuifuna. Amalonda ankatumiza ndege zing'onozing'ono kukasaka magulu a redfish zazikulu kunyanja, maboti n'kuzizinga ndi khoka. Zimene ankaphazo zinali makolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma la America linatseka usodzi wa redfish m'madzi akutali a Gulf of Mexico, ndipo pang'onopang'ono nsombayi inabwerera.

Lero lamulo la ku Texas likuti: redfish 3 patsiku, ndipo iliyonse ikhale pakati pa mainchesi 20 ndi 28. Yaing'ono ibwerere ikakule. Yaikulu ibwerere ikaswane, kupatula imene mwini laisensi amaimangirira kachikalata kake. Anthu ambiri ochokera kwathu lamulo loyambalo amalimva. Lachiwirilo ndiye limawapweteka mtima. Kubweza nsomba yokwana banja lonse ndi alendo omwe?

Nsomba ya maso mbali imodzi

Tsopano tafika pa mwini nkhani. Flounder ndi nsomba yaphanthiphanthi ngati chitumbuwa chopondedwa. Mbali imene imagonera ndi yoyera mbee, mbali yapamwamba ndi yofanana ndi matope, ndipo imatha kusintha mtundu kuti ifanane ndi pamene yagona. Maso ake onse awiri ali mbali imodzi. Koma siibadwa choncho. Ikamaswedwa imakhala ngati kansomba kena kalikonse, diso uku, diso uku. Pakapita milungu yochepa diso lakumanja limayamba kuyenda, kukwera pamutu, mpaka kukafika kumanzere. Ikatero imagona chammbali pansi pa madzi moyo wake wonse.

Siithamangitsa chakudya. Imadzikwirira mumchenga, maso okha ali pamtunda, n'kudikira kansomba kodutsa. Ndiye poiwedza nyambo iyenera kukwawa pansi, pang'onopang'ono. Ikagwira umangomva kugunda kumodzi, kenaka kulemera, ngati mbedza yakola thumba la pulasitiki. Asodzi ambiri amadikira kaye pang'ono kuti imeze bwino asanakoke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena saiwedza n'komwe. Amayenda usiku m'madzi ofika m'maondo, nyali yowala ili m'manja, akufunafuna chithunzi cha nsomba pamchenga, n'kuibaya ndi mkondo. Amene munapitako ku Nyanja ya Malawi munaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika usiku ngati mzinda woyandama. Nyali ndi yomweyo koma ntchito ndi yosiyana. Kwathu kuwala kumaitana usipa kuti ubwere. Kuno nyali ndi yoti munthu aone nsomba imene yagona kale.

Mpoto wamphamvu ukayamba, flounder zokhwima zimanyamuka m'bay monse kupita kukaikira mazira kunyanja yaikulu. Zonse ziyenera kudutsa pampata. Kwa zaka zambiri Novembala unali mwezi wa chikondwerero. Pa Seawolf Park, pachilumba cha Pelican, anthu ankaima phewa ndi phewa m'mbali mwa madzi, aliyense akukoka flounder. Zinali zosavuta. Vuto lake linali lomwelo.

Tamvetsetsani apa. Flounder yaimuna ndi yaing'ono, kawirikawiri siifika n'komwe mainchesi 15 amene lamulo limafuna. Zazikulu zimene anthu amanyadira pazithunzi pafupifupi zonse ndi zazikazi, ndipo mu Novembala zimakhala zili paulendo wokaikira mazira. Kupha flounder pampata mwezi umenewu kuli ngati kupha nkhuku yathadzi imene yangoyamba kuikira. Wadya ndiwo za tsiku limodzi, anapiye onse watayiratu. Palinso vuto lina limene si la mbedza. Akatswiri anapeza kuti madzi akatentha kwambiri pamene tiana ta flounder tikukula, tambiri timasanduka tatimuna. Nyengo zozizira za ku Texas zakhala zikufunda, ndipo bungwe la boma loyang'anira nyama ndi nsomba, Texas Parks and Wildlife Department, lakhala likuona flounder zikuchepa kwa zaka makumi angapo.

Choncho kuyambira mu 2021, chaka chilichonse kuchokera pa 1 Novembala mpaka pa 14 Disembala, palibe wololedwa kutenga flounder ku Texas. Ngakhale imodzi. Ikakodwa pambedza yako, uibweze. Masiku ena onse malire ndi flounder 5 patsiku. Asodzi ambiri anadandaula, makamaka amene amapeza ndalama potenga alendo kukawedza, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, pakuti mwezi wawo wa ndalama ndi womwewo. Koma ine ndikuona kuti boma linachita bwino, mwinanso linachedwa. Madzi ofunda sitingawaziziritse chaka chino. Mbedza ndi mkondo tingaziike pansi lero lomwe.

Ngati mukuganiza kuti zimenezi ndi nzeru za ku America zokha, funsani kunyumba. Ku Malawi nakonso, mu Novembala ndi Disembala, boma limaletsa kukoka khoka m'nyanja kuti chambo chiswane. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ndiye ukachipha nthawi imeneyo wapha banja lonse. Anthu a ku Mangochi anaona ndi maso awo chambo chikuzimiririka m'nyanja ya Malombe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Sanadikire akatswiri a ku yunivesite.

Kuuza wamkulu kuti ayi

Nayi ntchito imene ingakugwereni inuyo. Nthawi zambiri m'mabanja athu mwana ndiye amawerenga chikwangwani cha Chingerezi msanga, ndiye amadziwa lamulo wamkulu asanalidziwe. Woyang'anira malamulo a usodzi akakupezani ndi nsomba yoletsedwa, chindapusa chimatha kufika $500, ndipo sangamve zoti "alendowa abwera dzana." Komanso simungauze malume anu kuti "taya nsombayo!" ngati mukuuza mng'ono wanu. Werengani kukambirana uku anthu awiriawiri. Chisomo ali ndi malume ake amene abwera kudzacheza kuchokera ku Mangochi, ndipo ali pa Texas City Dike pa 10 Novembala.

Malume: Iwe Chisomo, thamanga ndi chidebe! Taona chinsomba ichi, chaphanthi ngati mbale. Lero kudyedwa nsima.

Chisomo: Eee, amalume, mwagwira yaikulu bwanji! Imeneyo ndi flounder. Koma pepani, mundikhululukire, ndimati ndinene kanthu.

Malume: Nena, mphwanga.

Chisomo: Mwezi uno akuti n'zoletsedwa kutenga nsomba imeneyi. Ikupita kukaikira mazira. Akatipeza nayo atilipiritsa ndalama zambiri.

Malume: Aaa, iwe! Nsomba ndagwira ndekha ndi mbedza yanga, ndiibwezenso m'madzi? Ndiye tabwereranji kuno?

Chisomo: Zoona, amalume, n'zowawa. Koma paja munkatiuza kuti kwanu amatseka nyanja chambo chikamaswana. Kunonso ndi chimodzimodzi. Bwanji ndikujambuleni nayo kaye, tiwatumizire azakhali, kenaka tiibweze?

Malume: Hmm. Jambula bwino, ioneke kukula. Koma usakawauze kuti tinaitaya.

Mwaona zimene Chisomo wachita? Wayamba ndi kuyamikira. Wapepesa asananene. Sanati "mukulakwa," wati *akuti n'zoletsedwa*, kuti mlandu ukhale wa lamulo osati wa malume. Wati *akatipeza*, osati *akakupezani*, kudziikamo nayenso. Ndipo pomaliza sanalamule, wafunsa ndi mawu oti *bwanji*. Onaninso kuti malume akuti *iwe* ndi *nena*, koma Chisomo akuti *mwagwira*, *munkatiuza*, *ndikujambuleni*. Akanangolakwitsa kamodzi n'kunena kuti "wagwira yaikulu," nkhani ya nsomba ikanathera pomwepo, n'kuyamba nkhani ina.

Pobweza nsomba, nyowetsani manja kaye, musaigwire ndi nsalu youma, ndipo musaiponye ngati mwala. Itsitsireni m'madzi mpaka ichoke yokha.

Musanapite

Mwana wosakwana zaka 17 safunika laisensi yowedzera ku Texas, koma akuluakulu amafunika, pokhapokha ngati akuwedzera pamtunda mkati mwa paki ya boma ngati Galveston Island State Park. Malamulo a kukula ndi kuchuluka kwa nsomba amasintha, ndiye muziona mu Outdoor Annual, imene imapezekanso pafoni. Tengani chopimira.

Mukamayenda m'madzi muzikhwekhwereza mapazi, osanyamula mwendo. Pansi pamagona stingray, nsomba yokhala ndi munga waululu kumchira. Mukaikhudza chammbali imathawa, mukaiponda imabaya. Palinso kamlamba kotchedwa hardhead, kaminga yobaya ngati ya nkholokolo. Kameneko asiyireni akuluakulu achotse. Ngati muli ndi bala, musalowe m'madzi. Ndipo pa San Luis Pass musalowe m'madzi ngakhale pang'ono, ngakhale mumadziwa kusambira. Madzi a bay yonse akamatuluka pampata wopapatiza amathamanga kuposa mtsinje wodzaza, ndipo pamenepo pamira anthu ambiri.

Chomaliza ndi cha amayi ndi abambo, mukawauze. Ife sititaya kanthu pansomba, timadya mpaka mutu. Koma nsomba za mu Houston Ship Channel ndi kumtunda kwa bay, kufupi ndi mafakitale, zina zili ndi mankhwala oipa amene satha ngakhale muziphike bwanji, ndipo a zaumoyo ku Texas amachenjeza kuti ana ndi amayi oyembekezera asadye. Mukaona chikwangwani chochenjeza pagombe, awerengereni.

Mawu oti muwasunge

*Kuwedza* ndi kugwira nsomba ndi mbedza. *Kusodza* ndi kugwira nsomba mwa njira iliyonse, ndipo wochita zimenezi ndi *msodzi*. M'Chichewa timanenanso kuti *kupha nsomba*, ndipo si mawu ankhanza ayi, ndi mmene timanenera. *Nyambo* ndi chakudya cha pambedza. *Khoka* ndi ukonde waukulu wokokedwa ndi anthu ambiri. *Mono* ndi msampha wa nsomba wolukidwa ngati dengu. *Gombe* ndi m'mbali mwa nyanja. *Kuvuula* ndi kutulutsa chinthu m'madzi.

Samalani ndi mawu oti *nsomba*. Sasintha, kaya ndi imodzi kaya ndi zambiri. Chimasintha ndi mawu oyandikana nawo: nsomba *yaikulu yadya* nyambo, nsomba *zazikulu zadya* nyambo. Koma chambo *chachikulu chadya*, usipa *wauma*, matemba *atha*.

Ntchito

1. Fotokozani m'ziganizo zitatu zimene mpoto umachita ku Galveston Bay.

2. Bambo agwira redfish zitatu: ya mainchesi 18, ya mainchesi 24 ndi ya mainchesi 27. Ndi ziti angatenge? Yankhani ndi chiganizo chathunthu, manambala muwatchule m'Chichewa ngati mungathe.

3. N'chifukwa chiyani flounder zimene anthu amatenga zimakhala zazikazi pafupifupi zonse?

4. Pezani mvekero zinayi m'nkhaniyi, monga *chubwi*, ndipo mupange chiganizo chanu ndi iliyonse.

5. Sinthani mawu awa kuti akhale oyenera kuuza agogo: "Bweza nsombayo. Ndi yaing'ono. Ukapanda kubweza akugwira."

Ya kunyumba: imbirani foni wachibale wamkulu amene anakulira kufupi ndi nyanja, mtsinje kapena dambo. Mufunseni maina asanu a nsomba, mmene ankazigwirira, ndiponso ngati kwawoko kunali nthawi imene kupha nsomba kunali koletsedwa, ndipo ankaletsa ndani. Lembani mayankhowo mmene awanenera, ngakhale mawu ena musawamve. Amene mungathe, pemphani makolo akutengereni ku Sea Center Texas ku Lake Jackson, kumene amaswetsa redfish, trout ndi flounder n'kukazithira m'bay. Kulowa ndi kwaulere. Mukaone diso la flounder, mudzatiuze Loweruka likubwerali kuti lili mbali iti.